Kampoto kotsukira mphuno: madzi ake akhale otani kuno kuchigwa?

Make Chikondi, Ngabu
Mwaswera bwanji abale onse a pagulu lino. Ndili ndi funso, makamaka kwa inu odziwa zachipatala. Bambo a kunyumba kuno chaka chilichonse ikangokwana Julayi mphuno zimawatseka mpaka mvula idzagwe. Ntchito yawo ndi yonyamula mabelo a thonje, ndiye fumbi lija amalipuma tsiku lonse, kuwonjezera la mumsewu. Usiku amagona kukamwa kuli yasa, m'mawa amadzuka mutu ukuwawa pachipumi ndi m'masaya. Achemwali awo a ku Johannesburg atumiza kampoto kotchedwa neti pot, konga kaketulo kakang'ono ka mlomo wautali. Akuti uthiremo madzi amchere, ulowetse mlomowo m'mphuno imodzi, madziwo atulukire mphuno inayo. Ine mantha anga ndi awa: madziwo sangapite m'mapapo? Nanga madzi ake ndi ati? Ife timamwa a pamjigo. Alipo amene anakagwiritsapo ntchito?

Wakabaza, Dyeratu
Aaa mayi, madzi m'mphuno? Ife tikamasamba ku Shire madzi akangolowa m'mphuno zimalasa mpaka misozi. Bwanji bambowo osangofukiza ndi masamba a bulugama monga tinkachitira nthawi ya Covid?

Aphunzitsi, Bangula
Achimwene a pa Dyeratu, chimene chimakulasani ku Shire n'chakuti madzi a mumtsinje alibe mchere. Mkati mwa mphuno ndi mofewa, ndipo madzi a m'thupi mwathu ali ndi mchere wawo, pafupifupi magalamu 9 pa lita imodzi. Mukathiramo madzi opanda mchere, khungu la mkatimo limawayamwa n'kutupa, ndiye kulasa kuja. Mukaika mchere wolingana ndi wa m'thupi, simumva kupweteka. Kampotoka kanachokera ku India, kumene anthu a yoga akhala akutsuka mphuno motere kwa zaka mazanamazana, ndipo masiku ano madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi amauzanso odwala awo kuchita zomwezi. Kufukiza kumafewetsako mamina, koma fumbi limatsala momwemo. Ndipo ana ambiri amapsa ndi madzi otentha a m'beseni lofukizira.

Anesi opuma, Nchalo
Mayi a Chikondi, mwachita bwino kufunsa musanayambe. Ndiyambe ndi mantha anu oyamba. Mphuno ziwirizi zimakumana kumbuyo cha kukhosi. Munthu akawerama n'kupendeketsa mutu, madzi amalowera mphuno ya pamwamba, n'kuzungulira kumbuyoko, n'kutsika ndi ya pansi. M'mapapo safikamo bola munthuyo akupumira kukamwa. Ndipo zimathandizadi. Madziwo amakokolola fumbi, mungu wa maluwa ndi mamina olimba, ndipo tiubweya ting'onoting'ono ta m'mphuno timene timakankhira zinyalala kunja timayambanso kugwira ntchito yake bwino.

Koma funso lanu lachiwirilo ndi limene landikhazika pansi kuti ndilembe. Madzi a pamjigo, a pampopi, a pachitsime, onsewo ayi, pokhapokha atawiritsidwa. Ndikudziwa kuti mumamwa omwewo ndipo simudwala. Kungoti madzi akalowera kukamwa amakakumana ndi asidi wa m'mimba amene amapha tizilombo tambiri. M'mphuno mulibe asidi. Pamwamba pa mphuno pali kafupa kopyapyala kokhala ndi timabowo, m'mene mumadutsa mitsempha yomvera fungo popita ku ubongo. Pali kachilombo kena kosaoneka ndi maso, dzina lake Naegleria fowleri, kamene kamakhala m'madzi ofunda opanda mchere ndi m'matope. Mukakameza sikachita kanthu. Kakalowera m'mphuno kamatha kutsata mitsempha ija mpaka ku ubongo, ndipo zikafika pamenepo mwa anthu 100 opitirira 97 amamwalira. M'chaka cha 2011 anthu awiri anamwalira ku Louisiana, ku America, atatsuka mphuno ndi neti pot ya madzi a pampopi, ndipo ofufuza anakapeza kachilomboka m'mapaipi a m'nyumba zawo zomwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti kachilomboka kamakonda kutentha, kamaswana ngakhale madzi atafika madigiri 45. Inu nonse mukudziwa m'mene chigubu chosiyidwa pakhonde mu Okutobala chimakhalira kuno kwathu.

Make Chikondi, Ngabu
Mayi wanga ine. Ndiye kuli bwino ndingokabweza m'katoni mwake basi.

Anesi opuma, Nchalo
Ayi mayi, musakabweze. Bambowo akuvutika, ndipo kampotoko kawathandiza. Choopsa chili m'madzi, ndipo kuwiritsa kumachithetsa chonse. Madzi awire mpaka kubwata, muwasiye akubwata choncho kwa mphindi zitatu kapena zisanu, kenako muphule, muvundikire, azizire mpaka kufunda chabe. Bungwe loona za matenda la CDC la ku America limati mphindi imodzi ndi yokwanira kumalo otsika, ndipo kuno n'kotsika kwambiri m'Malawi yense, koma ine ndimati zitatu chifukwa anthu amaphula madzi akangoyamba kulira. Madzi owiritsawo muwasunge m'botolo loyera lotsekeka, ndipo akagona kupitirira maola 24 muwiritse ena.

Mlimi wa m'dimba, Makhanga
Anesi, ndi ulemu wonse, koma ine ndikuona ngati mukutiopseza ndi za ku America. Mjigo wathu madzi ake ndi amchere kale, sopo sachita n'komwe thovu, ndipo amachokera pansi patali. Ine ndimakoka omwewo ndi mphuno ndikachoka kumunda, zaka zonsezi palibe chandichitikira. Ana athu amadumphira m'mathamanda tsiku ndi tsiku. Akanakhalapo matenda amenewo bwenzi titatha tonse. Nkhuni pano zavuta, munthu ndiziwiritsanso madzi a m'mphuno?

Wakabaza, Dyeratu
Apo abambo alankhula. Thumba la makala mtengo wake mukuudziwa.

Anesi opuma, Nchalo
Bambo a ku Makhanga, simukunama kuti matendawa ndi osowa. Ndi osowadi. Ku America komweko, kuyambira 1962 mpaka 2024 amene anapezeka nawo anali 167. Koma mwa onsewo amene anapulumuka ndi anayi okha. Ine ndikamalangiza munthu ndimayang'ana zinthu ziwiri, kuti chinthucho chimachitika kangati, ndiponso chikachitika pali pothawira kapena ayi. Apa pothawira palibe.

Za mchere wa pamjigo, eya, mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje kuno imatulutsa madzi amchere, koma mcherewo ndi wosakanikirana ndi zina za m'nthaka, ndipo palibe amene anauyeza kuti ndi wochuluka bwanji pa mjigo wanuwo. Komanso dziwani kuti ngakhale mchere wa muyezo woyenera umene timathira m'kampotomo supha kachilomboka. Ntchito ya mcherewo ndi yakuti mphuno isalase, basi. Tsono tinene kuti madziwo atuluka pansi ali oyera. Adutsa m'paipi ya mjigo, alowa m'ndowa, akhala m'chigubu chimene mukapisa chala mkati mumamva kuterera. Kutererako ndi kumene tizilombo timamera. Ndipo si Naegleria yekha. Kwanu ku Makhanga madzi anasefukira nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi ya namondwe Freddy mu 2023, zimbudzi zinagwa, madzi oipa analowa m'mijigo ndi m'zitsime zambiri. Mabakiteriya wamba a m'madzi otero akakhazikika m'masayinasi, timapanga ta m'mafupa a pachipumi ndi m'masaya, amayambitsa mafinya, munthu amene amafuna kuchiza kutseka kwa mphuno n'kupezeka wawonjezera matenda.

Kusiyana kwa mwana wosambira ndi munthu wa neti pot n'kwakuti wa neti pot akuchita kuthira kapu yathunthu, mkati mwenimweni, tsiku lililonse.

Mayi busa, Tengani
Za nkhunizo ndithandizeko. Palibe chifukwa chosonkhera moto wapadera. M'mawa mukateleka madzi a tiyi kapena a phala, wonjezerani makapu awiri. Akabwata, tapani makapu awiriwo musanathire masamba kapena ufa, muike m'botolo. Pofika nthawi yakuti bambo asambe amakhala atafunda bwino. Ine ndimachita choncho chifukwa cha mwana wanga wamkulu amene fumbi limamuyetsemulitsa koopsa.

Mlimi wa m'dimba, Makhanga
Apo ndiye zatheka, amayi. Koma ndikufunsabe. WaterGuard uja timathira m'madzi akumwa sangakwanire? Nthawi ya kolera alangizi a zaumoyo anatiuza kuti amapha tizilombo.

Aphunzitsi, Bangula
Amaphadi tizilombo ta kolera, ndipo musasiye kuthira m'madzi akumwa. Koma tizilombo ta mtundu wa amiba, monga Naegleria uja, tili ndi khalidwe lina. Zinthu zikativuta timadzikuta ndi kachikhokho kolimba n'kudikira, ndipo mitundu ina ikatero klorini wa muyezo wa madzi akumwa saikwanitsa. Komanso klorini amatha mphamvu msanga madzi akakhala potentha. Moto ndiye sasankha.

Wakabaza, Dyeratu
Nanga madzi a m'botolo ogula m'sitolo aja? Kapena madzi a batire? Pagalaja apa amati ndi oyera kuposa ena onse.

Anesi opuma, Nchalo
Mwanawanga, a m'botolo akumwa aja ndi akumwa, nawonso wiritsani. Amene sasowa kuwiritsa ndi okhawo olembedwa distilled kapena sterile, ogulidwa ku famase ali chitsekere. Madzi a batire musayerekeze n'komwe. Anapangidwira galimoto, simudziwa botolo lake munali chiyani, ndipo pagalaja mabotolo a madzi ndi a asidi amakhala pamodzi.

Ngati muli ndi kangachepe, pali njira yophweka. Ku famase kuli madzi aja timaika odwala pa dripu, olembedwa Normal Saline 0.9%. Amenewo ndi oyera kale ndipo mchere wake ndi woyezedwa kale. Mungowafunditsa poika botolo lake m'beseni la madzi ofunda. Koma mukatsegula musasunge masiku.

Make Chikondi, Ngabu
Zikomo anesi, mtima watsikako. Tsono mchere ndiike wochuluka bwanji? Timapaketi timene tinabwera ndi kampotoka ndi tochepa, titha msanga.

Anesi opuma, Nchalo
Pa kapu ya mamililita 250, ikani mchere wochepera pang'ono theka la supuni ya tiyi yosasefukira. Pa lita yathunthu ndi supuni imodzi ndi theka. Muwonjezere soda wophikira pang'ono, wongotsina ndi zala ziwiri, amathandiza kuti madziwo asalase. Ndikunena soda wa m'paketi. Chidulo cha phulusa chimene timaphikira therere chisayandikire mphuno, chimawotcha. Thirani mchere madzi akadali otentha kuti usungunuke wonse, ndipo ngati ndi mchere wamiyala uja umene umatsalira mchenga pansi, tsanulirani madzi a pamwamba m'botolo, zapansizo mutaye. Akazizira dontheza pang'ono kuseri kwa dzanja, asakhale otentha kuposa thupi. Madzi ozizira kwambiri amapweteketsa mutu.

Mtsikana wa ku koleji, Chikwawa Boma
Anesi ndinawerenga kuti mchere wake usakhale wa ayodini. Koma m'masitolo mwathu muno mchere wonse wa m'paketi ndi wa ayodini chifukwa ndi lamulo la boma. Ndiye titani?

Anesi opuma, Nchalo
Mwawerenga zoona mwanawanga. Wopanda ayodini ndiye wabwino, chifukwa ayodini ndi mankhwala oletsa mchere kugwirana amanyereza mphuno za anthu ena. Koma si poizoni. Ngati umene muli nawo ndi wa ayodini, yesani, ambiri samva kanthu. Ngati ukulasa, chepetsani pang'ono kapena funsani ku famase timapaketi totsukira mphuno. Chimene sindikufuna n'chakuti wina achoke pano n'kukasiya mchere wa ayodini m'ndiwo. Umenewo ndi umene unachepetsa chithokomiro m'dziko muno, ndipo amayi oyembekezera akuufuna.

Mlimi wa m'dimba, Makhanga
Nanga Thanzi ORS? Si madzi amchere omwewo?

Anesi opuma, Nchalo
Ayi bambo. Mu Thanzi muli shuga. Ndi wa m'mimba ameneyo.

M'bale wanu, Nsanje Boma
Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma nkhaniyi yandikhudza. Ife Asilamu tikamapanga wudhu tisanaswali timakokera madzi m'mphuno, kasanu pa tsiku. Madzi ake ndi a pampopi kapena a m'thanki ya pamzikiti imene imakhala padzuwa. Zimene mwanenazi zikutikhudzanso?

Aphunzitsi, Bangula
Zikukukhudzani ndithu, achimwene, ndipo mwafunsa funso lofunika. Ku Karachi, ku Pakistan, kwakhala kukumwalira anthu ndi kachilombo komweka, makamaka m'miyezi yotentha, ndipo ambiri mwa iwo anali asanakasambire kumtsinje kulikonse. Madokotala a kumeneko anaona kuti njira imodzi ndi madzi a m'mapaipi ndi m'mathanki opanda klorini wokwanira amene anthu ankakokera m'mphuno pa wudhu. Za chipembedzo sindingakuphunzitseni, koma za madzi ndinganene kuti kunyumba sungani owiritsa ochitira mbali ya mphunoyo, ndipo kumzikiti thanki izitsukidwa kawirikawiri, izithiridwa klorini, izikhala yovundikira ndi pamthunzi.

M'bale wanu, Nsanje Boma
Ndamva. Ifenso tili nacho kale chiphunzitso chakuti munthu akamasala asakokere madzi mkati kwambiri, choncho kukoka pang'ono si chinthu chachilendo kwa ife. Ndikamba ndi akuluakulu Lachisanu za thanki ija. Takhuta.

Make Chikondi, Ngabu
Abale ndabweranso. Tayesa madzulo ano bambo atangoweruka. Ndinawiritsa monga mwanenera. Anakhala pampando pakhonde, beseni lili pansi pakati pa miyendo. Poyamba madzi sanatuluke, kenako anayamba kudontha, kenako n'kuyenda bwinobwino. Zimene zinatuluka, abale, madzi a m'beseni anachita kuda, muli timaulusi toyera ta thonje tikuyandama. Iwo eni anangoti kukamwa pululu kuyang'ana. Koma mbali yachiwiri madzi anawapita kukhosi n'kutsokomola, ndipo pano akuti khutu lakumanzere likumveka ngati latseka. Tichite mantha?

Anesi opuma, Nchalo
Musachite mantha. Zonse ziwirizo n'zamakhalidwe a mutu ndi kaminidwe. Madzi amapita kukhosi munthu akadzutsa chibwano kapena akagadamitsa mutu. Awerame kaye kwenikweni nkhope iyang'ane m'beseni, kenako atembenuze mutu chammbali, khutu limodzi liyang'ane kudenga, chipumi chikhale molingana ndi chibwano kapena chotsikirako pang'ono. Kukamwa kukhale kotsegula, azipuma modekha, asalankhule kapena kumeza madzi akuyenda. Mlomo wa kampoto utseke bwino mphuno ya pamwambayo koma osaukankhira mkati. Madzi aziyenda okha, iwo asawakoke. Theka la madzi mbali imodzi, theka mbali inayo.

Za khutulo, ndikhulupirira anamina mwamphamvu atatsina mphuno. Kumbuyo kwa mphuno kuli kanjira kopita kukhutu, ndiye mukamina mokakamiza madzi amakankhikira kumeneko. Akamaliza aziwerama kaye madzi otsala adonthe okha, kenako amine pang'onopang'ono mphuno zonse zili zotsegula. Kutsekako kumatha pakapita maola angapo, ayasamule kapena atafune kanthu. Likayamba kuwawa kapena kutuluka zinthu, asiye kutsuka apite akaonedwe.

Ndiponso asamatsuke nthawi yogona yeniyeni. Madzi ena amatsalira m'masayinasi n'kumadontha pambuyo pake, ndiye pakhale ola limodzi asanakagone.

Mayi busa, Tengani
Ndiwonjezere za kutsuka kampotoko, poti ambiri timaiwala pamenepo. Mukawiritsa madzi bwinobwino koma kampoto n'kukatsukuluza ndi madzi a m'ndowa, mwabwezeretsa zomwe zija. Katsukeni ndi sopo, katsukuluzeni ndi madzi owiritsa, kavundikireni pa nsalu yoyera kaume mkati monse. Kampoto konyowa m'nyumba yotentha ngati zathuzi kamachita nkhungu msanga. Ndipo ndi ka munthu mmodzi. Bambo akakhala ndi kawo, mayi musabwereke.

Wakabaza, Dyeratu
Ineyo fumbi la msewu wa ku Chapananga limandithera m'mphuno tsiku lililonse, koma achemwali a ku Joni ndilibe. Ndingagwiritse chiyani? Panopa ndimadalira timankhwala todontheza m'mphuno timene ndinagula pa famase, koma ndikangosiya mphuno zimatseka kuposa kale.

Anesi opuma, Nchalo
Kampoto si kofunika kwambiri, mwanawanga. Gulani sirinji yatsopano ya mamililita 20, muchotse singano, muzipopera madzi omwe aja pang'onopang'ono mutawerama chimodzimodzi. Sirinji ikhale yochokera m'pepala lake, osati yotola. Malamulo a madzi ndi a kutsuka ndi omwewo.

Koma za timankhwala tanuto ndimvereni bwino. Ngati pa kabotoloko palembedwa xylometazoline kapena oxymetazoline, amenewo ndi a masiku ochepa chabe, osafika sabata. Amafinya mitsempha ya magazi ya m'mphuno, mphuno n'kutseguka pompopompo, koma mukapitiriza, mphamvu yake ikangotha mitsemphayo imatupa kuposa poyamba. Ndiye mumadontheza kawirikawiri, kutupa n'kumakula. Zimene mukufotokozazo ndi zimenezo. Kuti muchoke m'menemo siyani mphuno imodzi kaye, ikazolowera musiye inayo, uku mukutsuka ndi madzi amchere m'mawa ndi madzulo. Masiku oyamba adzakhala ovuta. Zikakanika pitani kuchipatala, alipo mankhwala ena opopera amene amachepetsa kutupa popanda vuto limeneli. Ndipo mukamatchova pafumbi mangani kansalu kapena valani masiki, fumbi lolowa lichepe.

Wakabaza, Dyeratu
Ndayang'ana kabotolo, palembedwadi xylo yomweyo. Ndiyamba ndi mphuno yakumanja. Zikomo amayi.

Mtsikana wa ku koleji, Chikwawa Boma
Agogo anga amafwenkha fodya wa m'mphuno ndipo nthawi zambiri amatuluka kamfuno kukatentha. Angatsuke nawonso? Ndipo kangati pa tsiku?

Anesi opuma, Nchalo
Tsiku limene atuluka kamfuno asatsuke, adikire masiku angapo pachire. Ngati kamfunoko kakubwera pafupipafupi akayezetse BP, komanso fodyayo akuumitsa ndi kupala mkati mwa mphuno. Ena oyenera kusamala ndi awa. Amene khutu likuwawa kapena likutuluka mafinya asatsuke. Amene mphuno yatsekeratu moti mpweya sudutsa n'komwe asakakamize, madzi asowa kolowera n'kupita kukhutu. Amene anachitidwa opaleshoni ya mphuno kapena anavulala kumaso afunse kaye dokotala. Ndipo abale athu amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, kaya chifukwa cha HIV, khansa kapena shuga wosalamulirika, akambe kaye ndi adokotala awo, ndipo kwa iwo nkhani yowiritsa ija ndi yosanyengerera n'komwe, chifukwa pali amiba ina, Acanthamoeba, imene imagwira makamaka anthu otero.

Kangati? Kamodzi pa tsiku ndi kokwanira kwa ambiri, kawiri ngati mphuno zavuta kwambiri. Mvula ikagwa fumbi n'kutha, munthu akapeza bwino, asiye. Mamina ochepa ali ndi ntchito yawo yoteteza, sitifuna kuwakokolola chaka chonse popanda chifukwa.

Aphunzitsi, Bangula
Anesi, pobwerera pa funso la bambo a ku Makhanga la ana osambira m'mathamanda. Ine monga mphunzitsi sindingawaletse kusambira mu Novembala, sangandimvere. Chimene ndimawauza ndi chakuti podumphira azitsina mphuno, ndipo asavundule matope a pansi pa madzi osayenda otentha. Za likodzo amazidziwa kale, izi ndiye samazidziwa. Kodi kholo lingazindikire bwanji zikachitika?

Anesi opuma, Nchalo
Vuto lake n'lakuti zimayamba ngati malungo. Pakapita masiku, kawirikawiri asanu, chilowereni madzi m'mphuno, munthu amamva mutu waukulu, thupi kutentha, nseru ndi kusanza. Kenako khosi limauma, kuwala kumamupweteka m'maso, amayamba kubwebweta kapena kukomoka. Zimathamanga kwambiri. Mukaona mutu waukulu, kutentha thupi ndi khosi louma, musagule LA pagolosale n'kumadikira. Thamangirani kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, kapena chilichonse chapafupi, kaya Ngabu, kaya Montfort, kaya Trinity ku Fatima. Nthawi zambiri zidzakhala malungo kapena matenda oumitsa khosi, ndipo amenewonso safuna kuchedwa. Koma mukafika nenani momveka kuti wodwalayu anasambira m'thamanda kapena anatsuka mphuno ndi madzi osawiritsa. Dokotala sangalote zimenezo mukapanda kumuuza.

Make Chikondi, Ngabu
Khutu latseguka m'mawa uno, ndipo dzulo agona osaliza mkonono. Koma mutu wa pachipumi ukadalipo pang'ono. Tidikire mpaka liti?

Anesi opuma, Nchalo
Apitirize kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ngati pakadutsa masiku 10 mamina akadali a mafinya, kumaso kukuwawabe, kapena anayamba kupeza bwino kenako n'kubwereranso ndi kutentha thupi, apite akaonedwe, mwina pafunika mankhwala. Chikope kapena tsaya likatupa, tsiku lomwelo. Ndipo poti mwati zimachitika chaka chilichonse, akadzapita kuchipatala akafunse ngati n'koyenera kuwatumiza kwa madokotala a mphuno ku Queens. Anthu ena amakhala ndi tinthenda tomera mkati mwa mphuno timene madzi amchere sangachotse.

Make Yamikani, Fatima
Pepani ndalowerera mochedwa. Mwana wanga wa zaka zitatu mphuno imodzi yokha, yakumanja, ikutuluka mamina obiriwira onunkha kwambiri, patha sabata tsopano. Inayo ili bwinobwino ndipo sakutsokomola. Ndimati ndimutsuke ndi sirinji monga mwauzira achimwene aja. Muyezo wa mwana ndi womwewo?

Anesi opuma, Nchalo
Mayi a Yamikani, ameneyo musamutsuke. Mwana wamng'ono chotero sangathe kupumira kukamwa madzi akuyenda, amatsamwa. Akakhala ndi chimfine wamba timangomudontheza madontho awiri kapena atatu a madzi amchere owiritsa n'kumupukuta. Koma zimene mwafotokozazi si chimfine. Mphuno imodzi yokha, yonunkha, mwa mwana wa msinkhu umenewo, kawirikawiri ndiye kuti analowetsamo kanthu, njere ya chimanga, nyemba, mkanda kapena kachidutswa ka siponji. Mukathira madzi njereyo imafufuma, kapena imakankhikira kumbuyo n'kugwera m'njira ya mpweya. Musapisemonso kamtengo kapena chipanera cha tsitsi. Kuchipatala ali ndi zida zochotsera ndipo sizitenga nthawi. Ngati m'nyumbamo muli tochi kapena kaseweretsa ka timabatire tozungulira tija, onani ngati kabatire kena sikanasowe, chifukwa kameneko kamawotcha mnofu m'maola ochepa, ndipo zikakhala choncho munyamukeni usiku womwe uno.

Make Yamikani, Fatima
Timabatire mulibe m'nyumba muno. Koma sabata yatha ankasewera pamene ndimatongola chimanga.

Anesi opuma, Nchalo
Ndiye mupite naye mawa m'mawa ndithu, musadikire Lolemba. Mukawauze za chimangacho.